Ana a Sukulu pa Mphasa ya Akuchimuna

Ana inu, taikani kaye timafoni tanuto pansi. Iwe wakumapetowe ndikukuona, chala chikuyendabe. Ndipo wina asandiuze kuti nditsitse mawu. Mawu awa ndinabadwa nawo, ndi amene analera atate anu. Ine Juwawo, ndili kapitawo ku esiteti ya tiyi, ndinkaima pamtunda n'kuitana gulu langa popanda wezulo, mpaka anthu a kapitawo mnzanga kutsidya kwa khwawa ankasenza madengu kubwera kwa ine. Lero mukuti ndikusokosa. Tafuulani inu, tione ngati ngakhale nkhuku itembenuke.

Mwabwera kutchuthi kuchokera kwa amayi anu, ena ku Phalombe, ena ku Thyolo, mwapeza agogo ali phee pakhonde pawo, ndiye mukuyesa kuti ndi momwe zakhalira chikhalire. Ayi. Pakhonde pano ndinatsala pang'ono kuchokapo ndi kamtolo kumutu. Amene anandisungapo si atate anu, si abusa. Ndi ana a sukulu, a msinkhu wanu womwewu, a mayunifolomu ofupika m'manja.

Muyambe mwadziwa kuti ine kuno si kwathu. Ndinabadwira kutsidya, kupitirira Milanje. Tinabwera ndi mayi anga ndili kamnyamata kosadziwa kabudula, tikuthawa chibalo, ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Inu mukafuna kupita ku Muloza mumangokweza dzanja, wa kabaza n'kuima, mwinanso n'kumadandaula kuti mpando ukuwawa. Ife tinayenda ndi mapazi awa, mtsinje tinawoloka madzi ali m'khosi, mayi atasenza mphika wa kalongonda. Kalongonda simumudziwa inu. Ndi nyemba yofuna ulemu: umaiphika, kutaya madzi, kuiphikanso, kutayanso, tsiku lonse. Ukaichitira changu imakuzunguza mutu ngati kachasu. Inu a zophikaphika za m'mapaketi mukanafa ndi njala mphika uli pamoto.

Sukulu ndinangoinunkhiza. Dzina langa ndimalemba, ndipo palibe amene amalilemba lalikulu kundiposa. Zotsalazo ndinaphunzira m'mizere ya tiyi: masamba awiri ndi kansonga, dengu kumsana, chiperoni chikukulowa m'mafupa, mame atanyowetsa thumba lomwe wamanga m'chiuno. Kumeneko ndi komwe ndinaona agogo anu aakazi, a Esitere. Ankathyola ndi manja onse awiri, osayang'ana n'komwe, pakamwa pakuyenda nkhani. Ndinawakalipira tsiku lina kuti mzere wawo watsala. Anandiyankha kuti, "A kapitawo, tiyi alibe makutu, mukufuulira ndani?" Basi, ndinadziwa kuti ndapezeka.

Tsono mverani bwino apa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Kwathu kuno mwamuna akakwatira amapita kwa mkazi. Ndiye chikamwini chimenecho. Malo ndi a mkazi ndi mbumba yake, ana ndi a kwa mkazi. Atate anu ali kwa amayi anu pa chifukwa chomwecho. Ine ndinafika pamudzi pano pali lunguzi ndi miyala yokhayokha. Ndinazula, ndinamanga nyumba ya dothi, kenako ndinaumba njerwa ndekha, kuotcha ndekha. Peyala uyo ndinadzala ndine. Nthochi izo ndine. Kumunsi uko kunali nanazi amene anthu ankaima panjira kumuloza. Koma ungadzale bwanji, mkamwini ndi mlendo. Mkazi akamwalira, pakapita nthawi akuchikazi amayala mphasa ziwiri, ina yawo, ina ya abale a mwamuna. Amanena kuti munthu wanu uyu takhala naye bwino, tamumasula, mutengeni. Kumeneko ndiye kusudzula. Kale mwamuna ankanyamuka ndi bulangete, nkhwangwa ndi mpeni, n'kubwerera kwa alongo ake. Sindinkaona cholakwa. Inenso ndinaperekezapo anzanga otero, tikuseka panjira.

Ana aamuna anakula, n'kupita kuchikamwini kwawo. Mwana wamkazi tinali naye mmodzi, azakhali anu, amene ena mwa inu simunawaone. Anatisiya msanga, n'kutisiyira khanda, Yankho, yemweyu mukumudziwa, amene pano ali ku kozi ya uphunzitsi. Tinamulera ndi phala la mgaiwa ndi nthochi zokanya. Nditapuma ntchito, ine ndi amene ndinkamubereka kupita naye kusikelo, azimayi akundiseka. Ndinkawauza kuti sekani, msana ndi wanga.

Yankho atafika ku sekondale ya masana ija ya kuseri kwa msika, analowa kagulu kena, ati kalabu ya ufulu wachibadwidwe. Eee! M'nyumba muno munalowa mawu. Ukati tunga madzi, amatunga ndithu, koma akubwerera akukuuza kuti mwana wamkazi ali ndi ufulu wophunzira. Ukati ana a masiku ano, iye ati agogo, ana a masiku ano ndi anthu. Ine ndinkati ufulu umenewu ndi umene wavula ana ulemu. Ife ufulu wathu unali belu lowerukira.

Loweruka ankapita pa Chinakanaka ndi ng'oma, atalemba mawu pa makatoni a sopo, n'kumachita masewero pakati pa ogulitsa tomato. Tsiku lina ndinaima kumbuyo kuti ndione. Sewero lake linali la mayi wamasiye amene abale a mwamuna akumulanda mbale, mabulangete, ndi malata omwe. Mtsikana wina analira mpaka amayi ogulitsa usipa anapukuta misozi. Atatha anafunsa anthu kuti, kodi apa chilungamo chili pati? Anthu n'kumayankha, kutsutsana, wina mpaka kuvula chipewa. Madzulo ndinauza a Esitere kuti ana aja ali ndi luso, koma zimene akunenazo n'za kumpoto, kolowola. Kuno mkazi ndiye mwini mudzi, adzamulanda ndani? A Esitere anangoti, "Inu mumaona patali, pafupi ayi."

Chaka chimene Yankho anali Fomu 3, a Esitere anadwala nthawi ya nandolo. Tinapita nawo ku Mishoni, anayesetsa, koma mvula yoyamba inagwa iwo ali kale m'manda. Za masiku amenewo sindinena zambiri. Munthu amene unkakangana naye za mchere zaka zonse, ukadzuka n'kupeza palibe wokutsutsa, nyumba imakula.

Titakolola, kunabwera alamu anga a Dinesi, mchimwene wawo wa a Esitere, mwini mbumba. Anakhala pomwe wakhala iwepo. Tinagawana fodya wa mphuno, tinakamba za mbewa ndi za mitengo ya feteleza. Kenako anatsokomola.

"Alamu, mwambo mukuudziwa."

"Ndikuudziwa."

"Mwezi ukaoneka tidzayala mphasa. Muuze akwanu."

Ndinayankha mokweza kuti, "Palibe vuto, alamu! Ine Juwawo sindinakakamirepo pakhomo pa munthu." Atachoka, ndinatsala pakhonde pano mpaka kunada.

Akwathu ake ati? Mayi anapita kalekale. Mlongo wanga mmodzi yekhayo anabwerera kutsidya nthawi ya nkhondo isanafike, osamvekanso. Ankhoswe anga onse anagona. Atate anu anabwera, aliyense akuti bambo tiyeni kwathu. Kwanu kuti? Iwo eni ake ndi alendo kumeneko. Ine ndikakhale mkamwini wa mkamwini, ndizikapempha chilolezo kwa apongozi a mwana wanga kuti ndimange chimbudzi? Ndinakana.

Ndinakwera kabaza mpaka pa Muloza, n'kuwoloka, kukafuna mudzi wa mayi anga. Ndinapeza chimanga chokhachokha ndi nyumba za anthu achilendo. Ndinalonjera m'Chilomwe, anandiyankha bwino, anandipatsa madzi ndi chinangwa chootcha. Nditatchula dzina la mayi, la amalume, la mlongo wanga, ankangoyang'anana. Nkhalamba ina inati mwina ndi aja anasamukira kunyanja ya mchere. Ndinabwerako dzuwa likupendeka, fumbi mpaka m'nsidze.

Yankho anandipeza ndikusoka thumba.

"Agogo, thumbalo n'la chiyani?"

"La ulendo."

"Wa kuti?"

"Mwamuna safunsidwa kumene akupita."

Anakhala pansi n'kundiyang'ana ngati mmene ankachitira agogo ake. "Ndikanena ku kalabu."

Ndinalumpha. "Ukanene kuti chiyani? Undiike pa katoni ya sopo? Anthu a pamsika azikandilira ngati mayi wamasiye uja? Ine kapitawo? Ukayerekeza, iwe ndi ine tathana!"

Koma sanandimvere. Ndinamva pambuyo pake kuti atakanena, anzake anayamba aseka, ati mwamuna amalandidwa bwanji nyumba. Masewero awo onse olira anali amayi. Koma mtsogoleri wawo, Fatuma, kamtsikana kafupi kovala mpango, mwana wa wogulitsa nsomba pa Chinakanaka, anati ngati munthu wokalamba akuchotsedwa pomwe wakhala moyo wake wonse, wopanda kolowera, nkhaniyo ndi yawo, kaya wavala nsalu kaya buluku. Ndiye m'malo mokonza sewero, anayamba kuyenda awiriawiri akaweruka, kufunsa nkhalamba za m'midzi kuti kusudzula kumayenda bwanji, amayamba kulankhula ndani, amayankha ndani, wokhala pati amaloledwa chiyani. Nkhalambazo zinkakondwa, ati ana ayamba kufuna mwambo. Ine osadziwa kanthu.

Tsiku linafika. Anayala mphasa ziwiri pansi pa peyala wangayo. Ya akuchikazi inadzaza mpaka ena anakhala pa njerwa: a Dinesi kutsogolo, pambali pawo a Feliya, mng'ono wawo wa a Esitere, amene tsopano ndiye anali mayi wamkulu wa mbumba. Atate anu anakhala komweko, chifukwa ndi kwawo, mitu ili pansi ngati nkhuku zonyowa. Yankho naye komweko. Mphasa inayo ndinakhalapo ndekha. Ndinavala jekete yanga ya ku esiteti, ndinakhala pakatikati, miyendo tambalale, kuti mphasa ioneke yodzaza. Koma ana inu, mphasa ndi yaikulu ukakhalapo wekha.

A Dinesi anali atangoyamba malonje pamene tinamva nyimbo kumsewu. Tinaona mzere wa ana a sukulu, anyamata ndi atsikana, makatoni m'mwamba, aphunzitsi awo aakazi akubwera pambuyo ndi ambulera. Mtima wanga unati, Juwawo, manyazi ako afika. Koma atafika pa nthochi paja nyimbo inaleka. Makatoni anawatsamiritsa pa nkhokwe. Anavula nsapato. Atsikana anagwada, anyamata ananjuta, onse kuomba m'manja mwaulemu ngati anthu obadwa kale. Kenako mmodzimmodzi anabwera kudzakhala pa mphasa yanga, mpaka ine anandipanikiza pakati ngati thumba la m'lole. Aphunzitsi anakakhala patali pa chitsa.

Yankho anadzuka kwa akuchikazi, anadutsa pabwalo onse akumuyang'ana, n'kudzakhala pambali panga.

A Dinesi anati, "Kodi ana inu mwasochera? Kumsika ndi uko."

Fatuma anayankha ali chogwada. "Pepani agogo. Tamva kuti lero mukupereka a Juwawo kwa abale awo. Abale awo ndife. Tabwera kudzalandira."

Anthu anaseka. A Dinesi sanaseke. "Yankho, dzuka apo. Iwe ndiwe wa mphasa ino."

"Ndine wa mphasa imeneyo ndithu, agogo. Ndibwerera. Ndingofuna ndione kaye kumene akupita munthu amene anandibereka kumsana."

Apo ine magazi anakwera. Ndinaona alamu anga akuchititsidwa manyazi ndi ana pamaso pa mbumba yawo, ndipo ine sindinaleredwe choncho. Ndinakuwa mpaka mbalame zinabalalika mu peyala. "Ana inu, chokani! Mwambo ndi mwambo! Ine sindinatume munthu!"

Kamtsikana kaja kanatembenuka, nkhope ili bwinobwino. "Agogo, pa mwambo uno wosudzulidwa salankhula. Amamulankhulira ndi abale ake. Takhalani chete."

Bwalo lonse linagwa ndi phwete. A Feliya anagwira nthiti. Ngakhale a Dinesi pakamwa panagwedera, n'kunena kuti, "Apo pokha mwanayo wanena zoona. Alamu, khalani chete." Ine amene azungu a ku esiteti analephera kunditseka pakamwa, ananditseka ndi mwana wa Fomu 3. Ndipo mwaona, ponena mawu amenewo a Dinesi anali atavomera kuti mphasa ija ili ndi eni ake. Tsono mwambo womwewo umati akuchimuna akafunsa, akuchikazi ayankhe.

Fatuma anafunsa, "Munthu wathuyu anakulakwirani chiyani?"

"Palibe. Takhala naye bwino."

"Anasamala mkazi wake?"

"Mpaka tsiku lomaliza."

"Zikomo. Tsono poti ife ndife ana, njira sitikuidziwa, mutiuze kumene tikamutule. Tikamusiya pakhomo pa yani?"

"Kwawo."

"Kwawo anapitako, agogo. Anapezako chimanga."

Ine ndinayang'ana Yankho, chifukwa za ulendo wanga wa kutsidya uja ndinali nditauza iye yekha. Iye ankayang'ana nyerere.

Musaganize kuti a Dinesi ndi munthu woipa. Anayankha ngati munthu wamkulu. Anati, "Ana inu, mwaphunzira, koma tayang'anani uko. Tiyi. Uko tiyi. Kumtunda phiri. Malo athu ndi kachigamba aka. Mwana wa a Feliya ali ndi mwamuna ndi ana, akugona m'khitchini mwa amayi ake, utsi uli m'maso. Iyeyo ufulu alibe? Mwambowu sitinaupange chifukwa cha nkhanza. Tinaupanga kuti ana a mbumba apeze pogona."

Ndinati m'mtima, eya, ayankheni tione. Anawo ananong'onezana kanthawi. Kenako Fatuma anati, "Ali nawo, agogo, ndipo sitinabwere kudzamulanda. Koma munthu wokalamba si khasu lakutha loti mungaliponye kuseri kwa nkhokwe. Malamulo a dziko amati aliyense ali ndi ulemu wake, ndipo nkhalamba zimene tafunsa zatiuza kuti ngakhale kale, mkamwini wabwino ankatha kuuzidwa kuti khala, ulere adzukulu. Ngati vuto ndi nyumba, ife tilipo ambiri, manja tili nawo. Mutionetse poumba njerwa."

A Dinesi anatsegula pakamwa, koma a Feliya anawagwira bondo. Paja mwini mbumba amalankhula, koma nthaka ndi ya amayi. Anakonza mpango wawo, osayang'ana ana aja, kuyang'ana achimwene awo.

"Achimwene, mwana amene mukumufunira nyumbayu, tsiku lomwe ankabadwa, mtsinje utadzaza, ananyamula machira kupita ku Mishoni ndani? Inu munali ku Limbe. Anali alamu awa, akukalipira anzawo njira yonse kuti afulumire. Ine ndakhala chete masiku onsewa chifukwa ndimaopa kuti anthu ati Feliya waphwanya mwambo. Lero andichititsa manyazi ana a eni. Ukwati tausudzula, umenewo watha, akafuna kukwatira akwatire."

"Ndani angandifune!" ndinatero ine.

"Chete!" anayankha ana onse pamodzi.

"Koma ubale sitisudzula," anapitiriza a Feliya. "Akhale m'nyumba mwawo. Akadzafa tidzawaika kuno, pafupi ndi mkazi wawo. Munda wa kumunsi apereke, timangepo nyumba ya mwanayu."

Munda wa kumunsi! Nanazi wanga! Ndinafuna kudzuka, Yankho anandikoka jekete. Fatuma anaomba m'manja n'kunena kuti, "Akuchimuna tavomera." Anandigulitsira nanazi wanga ndili pomwepo, osandifunsa. Abale ndi otero.

Ndiye ana aja anabweradi, Loweruka lililonse chilimwe chonse, ena atanyamula zikombole, ena zidebe. Njerwa zoyamba zinali zokhota ngati mbatata. Ndinaima pa chulu n'kuwaphunzitsa kuponda dothi, ndipo kumeneko palibe amene anandiuza kuti chete. Nyumba ija mukuiona kumunsiyo, ya zenera lobiriwira, ndi imeneyo. A Dinesi anakhala nyengo yathunthu osaponda pano. Kenako tsiku lina anangofika, n'kukhala, n'kutulutsa kabotolo ka fodya. Sitinakambepo za tsiku lija mpaka lero.

Sindinganame kuti zonse zimene ana aja amaimba ndimazimvetsa. Zina ndimaona ngati akuthamanga kwambiri, ndipo ndimawauza. Iwonso amandiyankha, sanyengerera. Koma ine ndinakhalapo pa mphasa ndekha, ndikudziwa kuzizira kwake. Ana a eni ake, ena Achiyao, ena Amang'anja, ena sindikudziwa n'komwe mayina a makolo awo, anavula nsapato n'kudzatcha nkhalamba yaphokoso m'bale wawo. Mulungu awadalitse kumene ali, awapatse ana omvera kuposa iwowo.

A Fatuma aja anamaliza, anapita. M'kalabumo muli ena atsopano, amene tsiku lija anali ku pulayimale. Koma ubale anasiyirana. Akamapita kumsika ndi makatoni awo amakhotera pano, ati tikaone munthu wathu ngati akumusunga bwino. A Feliya amawayalira mphasa, n'kumadandaula kuti sanaonepo akuchimuna odya chonchi.

Tsono inu, kwa amayi anu muli ndi abale odzaza mudzi. Kwa agogo anu aamuna, abale ndi amenewo. Mukakumana nawo panjira muziwapatsa moni wa ulemu, ngakhale wina akhale wamfupi kukuposani. Dzukani, tengani nsungwi iyo mukagwetse mapeyala, musankhe akuluakulu. Lero ndi Loweruka, popita kumsika adutsa pano, ndipo sindifuna akanene kuti kwa Juwawo anachokako ndi njala.